Kakonzedwe ka magetsi m'nyumba momwe muli agogo oiwalaiwala

Amene mukusunga mayi, bambo kapena agogo oti mutu unayamba kuiwalaiwala mukudziwa kale nthawi imene zimavuta. Si m'mawa ayi. Ndi paja dzuwa likapendeka, cha m'ma 4 kumapita 6, munthu oti tsiku lonse anangokhala phee pakhonde mungoona ayamba kumanga zovala m'chitenje ati ndikupita kwathu, chonsecho kwawoko ndi pompo, ena amayamba kufunsa ngati ana abwerako kusukulu, ana ake oti pano ali ndi zidzukulu, ena kungolusa basi osadziwika chalakwika. Usiku tulo palibe, 2 koloko ali chilili pakolido akupapasa chitseko. Kuchipatala amati dementia ndipo mankhwala ochiziratu kulibe, koma zilipo zinthu zapakhomo zomwe zimachepetsako mavutowa, china mwa izo chomwe ambirife sitichiwerengera n'komwe ndi kuwala kwa m'nyumba, kuti kukhale kochuluka bwanji, kwa mtundu wanji komanso nthawi yanji.

Mababu olamulidwa pafoni ndifika nawo, koma mfundo yanga ndi imodzi yokha, getsi liziyaka lokha ndi kusintha lokha motsatira dzuwa, agogo asafunike kuphunzira china chilichonse chatsopano. Munthu amene akuiwala kuti adya kale nsima simungawapatse rimoti ya mabatani 20 n'kumati akumbukira. Komanso chilichonse mungaike chikhale choti ESCOM ikathimitsa nyumba isagwe mdima wa ndiweyani, apo ayi mwangotaya ndalama.

Chifukwa chomwe kuwala kuli kofunika chonchi chili pawiri. Diso likamakalamba kamwana ka m'diso kamachepa, galasi la m'kati limayamba chikasu, moti diso la munthu wazaka 60 limalowetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala komwe kumalowa m'diso la mnyamata wazaka 20. Ndiye chipinda chomwe inu mukuti chikuwala bwinobwino, kwa agogo azaka 80 ndi chisisira, kuwonjezera apo ubongo wodwalawo ukuvutika kumasulira zomwe diso laona. Chachiwiri, mu ubongo muli kagulu ka maselo kogwira ntchito ya wotchi, kamauza thupi kuti kwacha kapena kwada, ndipo wotchiyi imatcheredwa ndi kuwala kolowa m'maso makamaka koyera kopita ku buluu ngati kwa kumwamba m'mawa. Kukada thupi limatulutsa melatonin yomwe imaitana tulo, kuwala koyera kwambiri usiku kumaitsekereza. Matenda a Alzheimer, omwe a WHO amati ndi amene ali kuseri kwa 60 mpaka 70 peresenti ya dementia yonse, amawononganso wotchi imeneyi. Tsono taganizani munthu wotchi yake ndi yofooka kale, masana onse timusiya m'chipinda cha kawindo kamodzi katani yotseka, usiku timuyatsira babu loyera ngwee pamutu, thupi lidziwa bwanji kuti masana ndi ati?

Ku Netherlands kunachitika kafukufuku amene anatuluka mu 2008, okalamba 189 m'nyumba 12 zosungira okalamba, ambiri mwa iwo a dementia. Nyumba zina anaziikira magetsi owala pafupifupi 1,000 lux masana onse, zina 300 lux, ndipo a kowala kwambiri aja kukhumudwa kunachepa komanso mutu sunatsike msanga ngati anzawo, ngakhale kusiyanako kunali kochepa. Ndiye ndisakunamizeni kuti babu lichiza munthu, ayi, koma kochepa komweko kwa munthu amene akudzuka katatu usiku kukawabweza agogo pabedi ndi kwakukulu. Lux ndi muyezo wa kuwala komwe kwafika pamalo, dzuwa la masana pabwalo limafika mpaka 100,000, pansi pa mtengo wa mango mumapezabe masauzande, pomwe m'nyumba zathu zambirizi ndi mahandiredi ochepa kapena osafika n'komwe. Pali tima app taulere toyezera lux pafoni, sitilondola kwenikweni koma tokwanira kukuonetsani kusiyana kwa pakhonde ndi kuchipinda kwa agogo, ikani foni pafupi ndi nkhope yawo kuyang'ana komwe iwo amayang'ana, mudabwa.

Musanagule kanthu apititseni akapimitse maso. Ng'ala mwa okalamba ndi yochuluka ndipo imachotsedwa ndi opaleshoni, yambirani pa health centre yanu akutumizani ku Zomba Central Hospital ngati pakufunika. Amene ali ndi magalasi, muziwapukutira inuyo m'mawa uliwonse chifukwa eniake sanenanso kuti ada.

Kenako dzuwa, lomwe ndi laulere ndipo palibe babu lingalipose. Phala kapena tiyi wam'mawa azimwera pakhonde kapena pansi pa mtengo, mphindi 30 mpaka ola, tsiku ndi tsiku nthawi yofanana. Olo mu June ndi July chiperoni chitakuta phiri lonse la Zomba osaoneka, panja pamawalabe kuposa m'nyumba kutalitali, avekeni juzi ndi mpango atuluke basi. M'nyumbamo makatani muzikankhira kumapeto kwenikweni osati theka, neti ya pawindo ija ikada ichapeni, nthambi yotchinga windo idulidwe, ife a kumunsi kwa phiri kuno mitengo ndi yambiri ndipo nyumba zina za ku Mulunguzi ndi Kalimbuka masana enieni m'kati muli bii. Mpando wawo ukhale pambali pa windo kuwala kuzibwera cham'mbali osati kuwathobwa m'maso. Makoma akuda ndi utsi apakeni laimu kapena penti yoyera yosanyezimira, ndi ndalama yochepa koma chipinda chimasintha kwambiri. Nyumba yopanda siling'i mutha kusinthitsa lata limodzi pakolido n'kuika loonekera lija, kungoti musaliike pamwamba pa bedi, October amatentha.

Tsopano mababu. Pogula musamangofunsa mawati, werengani pakatoni zinthu ziwiri. Ma lumens ndiye kuchuluka kwa kuwala, babu la LED la 9W limapereka pafupifupi 800 lumens, ofanana ndi babu lakale lija la 60W. Nambala inayo imathera ndi K, 2700K kapena 3000K ndi kuwala kofiirira kodekha, pakatoni amalemba warm white, 6500K ndi koyera kopita ku buluu, amalemba daylight kapena cool white. M'mashopu a mtauni muno ndi mumsika ochuluka ndi a 6500K, ofiirirawo muchite kufunsa, mwina mpaka kutuma munthu wopita ku Limbe kapena Blantyre. Onaninso holda yanu ngati ndi yapini, B22, kapena yopota, E27, anthu ambiri amabwerera ulendo pa kameneka. Oyerawo ndi abwino pabalaza ndi podyera masana ngati m'nyumba mukuchita mdima, ofiirira ndi a madzulo ndi kuchipinda chogona.

A pa yunivesite ya Stirling ku Scotland, omwe ali ndi likulu loona za kamangidwe ka nyumba za anthu a dementia, amalangiza kuti kuwala kukhale kowirikiza kawiri poyerekeza ndi kwa nyumba wamba. Koma musamve ngati ndikuti mugule chibabu chimodzi cha 30W n'kuchipachika pakati pa denga chili pamtunda, chimenecho chimathobwa m'maso ndipo chimapanga zithunzithunzi zakuda bii m'makona ndi pansi pa tebulo. Bola awiri kapena atatu apakatikati m'malo osiyana, lina kudenga lina pakhoma lina nyale ya patebulo yoloza kukhoma, onse ovindikiridwa ndi kagalasi koyera kapena shedi kuti diso lisaone babu lenilenilo. Zipinda zisasiyane kwambiri, diso lokalamba limachedwa kuzolowera likachoka powala kulowa pamdima, ndiye pabalaza ngwee pakolido bii ndi pomwe anthu amagwera. Machubu akale ophethiraphethira aja achotseni, ndipo ma LED ena otchipa amaphethiranso mosaoneka bwino, lozetsani kamera ya foni pa slow motion, mukaona mizere ikuyenda kapena kuthwanima limenelo ikani kusitolo osati kwa agogo.

Za mayunitsi musade nkhawa kwambiri. Babu la 9W loyaka maola 10 patsiku limadya mayunitsi 2.7 pamwezi, kanyale ka usiku ka 1W koyaka maola 12 sikafika ndi theka la yuniti lomwe. Odya mayunitsi ndi hotipuleti ndi ayironi, osati izi.

Nthawi ya chisisira ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Kuno ku Zomba mu June dzuwa limalowa cha m'ma 5:15, mu December ndi January limapitirira 6 pang'ono, ndipo kwathu kuno mdima sunyengerera, likangolowa pakapita mphindi 20 kapena 30 kwada. Chizolowezi chathu ndi kudikira mpaka tione kuti sitikuonanso ndiye munthu n'kudzuka kukayatsa, pofuna kusunga mayunitsi, koma pamene inu mukuti kwayamba kuda agogo akhala mumdima ola lathunthu ndipo asokonezeka kale. Magetsi a pabalaza, pakolido ndi kuchipinda kwawo aziyaka kukadali ola dzuwa lisanalowe, tinene 4:15 nthawi yozizira, 5 koloko nthawi ya dzinja, kuti kunja kuzida m'kati musasinthe. Njira yotchipa ndi taima ya pasoketi, kaja kozungulira kokhala ndi timano tokanikiza, mumalumikizapo nyale ya patebulo, kungoti magetsi akathima nako kamaima ndiye nthawi imatsalira, muzikakonzanso, ya digito yokhala ndi kabatire m'kati ndiye imasunga nthawi. Sensa ya day-night imene timaika pa magetsi a panja imathanso kugwira koma imadikira kuti kude kaye, pa ntchito iyi imachedwa.

Nthawi yomweyo tsekani makatani kunja kusanade. Apongozi anga ku Matawale madzulo aliwonse ankaloza pawindo la pabalaza n'kumati mzimayi uyo akufuna chiyani pakhomo pano, bwanji simukumulonjera, tsiku lina mpaka anatenga chikho cha madzi kukamupatsa. Panalibe munthu, galasi la windo m'kati mukawala kunja kuli mdima limasanduka kalilole, ankadziona okha osadzizindikira. Katani yokhuthala yotsekedwa 5 koloko inathetsa mlendoyo. Chimodzimodzi kalilole wa pa wadiropu, akayamba kukangana naye mphimbeni ndi chitenje. Ndipo madzulo ena muzime pakhomo pa chipinda chawo magetsi ali momwe amakhalira usiku, mutsinzineko pang'ono, muone zomwe zikuoneka ngati munthu, jekete pamsomali kuseri kwa chitseko, neti yomangidwa mfundo ikulendewera, ambulera pakona, mthunzi wa nthochi ukugwedezeka pakatani chifukwa cha getsi la panja. Zichotseni. Pali mtundu wina wa dementia wotchedwa Lewy body womwe munthu amaona anthu kapena tinyama poti palibe, kwa oterewa zithunzithunzi zimawonjezera moto, ndipo kukangana nawo kuti palibe munthu sikuthandiza, yatsani getsi muchotse chinthucho basi.

Pansi napo. Amayi a pa Zomba ndi Cobra sitisiyana, simenti yofiira psuu yonyezimira ndiye ulemu wa nyumba, koma getsi likawomba pamenepo agogo amaona ngati pathiridwa madzi, amaima osafuna kuponda kapena kuyamba kunyang'ama n'kugwa, kuwonjezera kuti pamaterera zenizeni. Njira yawo yochoka kuchipinda kupita pabalaza ndi kuchimbudzi isiyeni osapolisha. Kakapeti kakuda pakhomo kamaoneka ngati dzenje, kachotseni. M'mphepete mwa sitepe pakani penti yoyera kapena yachikasu mzere umodzi. Switchi yoyera pakhoma loyera saiona, zungulizani tepi yofiira kapena yakuda, toileti yoyera pamatailosi oyera chimodzimodzi, chivindikiro chamtundu chimathandiza, olo nsima yoyera m'mbale yoyera ena amaisiya osaiona bwino, ipakulireni m'mbale yabuluu kapena yofiira getsi lili pamwamba pa tebulo.

Mukatha kudya, cha m'ma 8, kuwala kuyambe kutsika. Oyera aja azime, atsale ofiirira, TV itsike kapena izime, zidzukulu zisamawaunike ndi mafoni kumaso. Pogona chipinda chikhale chamdima ndithu, ngati getsi la sekyulite lanu kapena la aneba likulowa pawindo ikani katani yokhuthala kapena lisunthireni kwina.

Koma mdima wa pogona usakhale mdima wa panjira. Okalamba amadzuka kukakodza, ena kawiri katatu, ndipo kugwa kwa usiku ndi komwe kumathyola chiuno, munthu wazaka 80 akathyoka chiuno ambiri sayendanso ngati kale. Apa ndi pomwe timagetsi ta sensa timagwira ntchito kuposa china chilichonse chomwe ndatchula. Ndi tating'ono totchaja ndi chingwe cha foni, kumbuyo kuli maginito kapena zomatira, timayaka tokha munthu akasuntha mumdima n'kuzima pakapita masekondi angapo, ndipo poti tili ndi batire yake ESCOM ithime isathime tilibe nazo ntchito. Sankhani tofiirira. Ikani m'munsi, kutalika kosapitirira bondo, kuti tiunike pansi osati kumaso, kamodzi m'mbali mwa bedi pomwe mapazi amatsikira, kena pachitseko, kena pakolido, kena m'chimbudzi. Kapabedi kaja kayeseni kuti kasamayake akangotembenuka m'tulo, kalozetseni pansi kuti kaziona miyendo yokha. Ena kuyaka kwadzidzidzi kumawadzidzimutsa n'kumati ndani wayatsa, mukaona choncho sinthani muike kanyale kofiirira koyaka mwachizimezime usiku onse, komanso toyaka masekondi 15 tokha n'kuzima munthu ali chikhalire m'chimbudzi si tabwino, m'chimbudzimo bola getsi lokhalitsa.

Munthu wosokonezeka usiku amalondola komwe kukuwala, ndiye gwiritsani ntchito zimenezo. Chitseko cha kuchimbudzi chikhale chotsekula getsi likuyaka m'kati kuti akangotuluka kuchipinda chinthu choyamba kuona chikhale chimenecho, pomwe mbali ya chitseko chotulukira panja ikhale yosawala. Ambiri aife ku Chinamwali, Chikanda, Sadzi, Mpondabwino chimbudzi chili panja, pamenepo kunena zoona usiku bola ndowa yovindikira kapena mpando wobowola pakati m'chipinda momwemo, kanyale kali pambali pake, ulemu wake ndi woti muzichotsa m'mamawa anthu asanadzuke. Akakana ndithu, poti ena amakana, ikani magetsi a sola a sensa awiri atatu m'njira yonse mpaka m'chimbudzimo, njirayo muisalaze muchotse miyala ndi zingwe zoyanikira, ndipo wina azidzuka nawo.

Tsopano mababu a pafoni aja. Alipo a Philips Hue omwe ndi odula, a Tapo, ndi ambirimbiri osadziwika maina omwe amayendera app ya Tuya kapena Smart Life. Chomwe mukufuna ndi lolembedwa tunable white, loti limasintha kuchoka kofiirira kufika koyera komanso kutsika ndi kukwera mphamvu. Amitundumitundu ofiira obiriwira ngati m'bala aja asiyeni, kapena mitunduyo musaigwiritse, imangosokoneza munthu. Mu app mumaika ndandanda kamodzi, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa liyambe pang'onopang'ono kwa mphindi 20 mpaka loyera lamphamvu, masana likhale choncho ngati chipindacho ndi chamdima, kukatsala ola kuti dzuwa lilowe a pabalaza ndi pakolido ayake, ma app ambiri mukawauza kuti muli ku Zomba amawerengera okha nthawi yolowa dzuwa ndiye simuvutika kusintha June ndi December, 8 koloko lipite kofiirira theka, 9:30 litsike kwenikweni kapena lizime. Kusintha kulikonse kukhale kozimiririka pang'onopang'ono osati phwa kamodzi. Ubwino wina mwana amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni amatha kuona pafoni ndi kukonza ndandanda ali komweko.

Koma pali misampha yomwe wogulitsa sakuuzani. Woyamba, ambiri mwa mababuwa magetsi akathima n'kubweranso amayaka okha mwamphamvu yonse, ndiye taganizani athima 7 madzulo abwera 2 koloko usiku, chipinda cha agogo ngwee, iwo adzuka ayamba kufuna khasu ati kwacha. Mu app fufuzani polembedwa power-on behaviour kapena mawu ofanana nawo, musankhe kuti magetsi akabwera likhale lozima kapena libwerere momwe linalili, ndipo yesani pothimitsa pa main switch masana muone chomwe lichite. Lopanda setingi imeneyi lisalowe kuchipinda chogona. Wachiwiri, babu lotere limafuna switchi ya pakhoma ikhale yoyatsa nthawi zonse, agogo athu anakula ndi mwambo wothimitsa getsi potuluka ndipo dzanja silinaiwale olo mutu utaiwala, akangothimitsa ndandanda yonse yafa. Ena amamata switchiyo ndi tepi koma ine sindikonda kuwalanda munthu chinthu chimodzi chomwe akuchidziwabe, bola kuchipinda kwawo babu la kudenga likhale wamba lofiirira la switchi yawo yomweyo, la pafonilo likhale m'nyale ina yolumikiza pasoketi yobisika kuseri kwa wadiropu. Ziliponso switchi za pakhoma zolamulidwa pafoni zomwe zimadinikanso ndi dzanja, zambiri zimafuna waya wa neutral womwe m'maswitchi a nyumba zathu nthawi zambiri mulibe, imeneyo ndi ntchito ya wa zamagetsi wodziwa, 230V si yoseweretsa.

Wachitatu ndi netiweki. A Wi-Fi ambiri amagwira pa 2.4GHz pokha, amafuna rauta kapena MiFi yokhala pakhomo nthawi zonse, osati hotspot ya foni ya mwana amene m'mawa amapita nayo ku Chanco. Data sadya yambiri koma bandulo ikatha kapena rauta ikazima ena amasokoneza nthawi, ndiye rauta ipezereni ka UPS kakang'ono kosunga magetsi kapena pawabanki. Ngati pakhomo palibe Wi-Fi musadzivute, taima ya digito, nyale ziwiri, lina babu loyera lina lofiirira, ndi timagetsi ta sensa zikuchitirani pafupifupi ntchito yomweyo. Zolankhula nazo zija, Alexa ndi anzake, Chichewa samva, ndipo mawu otuluka m'kabokosi m'chipinda mopanda munthu kwa agogo osokonezeka kale ndi nkhani ina, zisiyeni.

Za kuthima kwa magetsi tonse tikukumbuka 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira mu January, mamegawati pafupifupi 130 kuchoka nthawi imodzi, miyezi yambirimbiri tikukhala mumdima maola osawerengeka, ndiye pokonza nyumba muziganiza kuti zimenezo zitha kubweranso. Mababu a batire m'kati, aja amati emergency, amalowa muholda wamba, amadzitchaja magetsi akalipo ndipo akathima amapitiriza kuyaka maola angapo bola switchi ikhale yoyatsa. Ikani pabalaza, pakolido ndi m'chimbudzi. Ambiri ndi oyera ndiye kuchipinda chogona ayi. Kandulo ndi koloboyi m'chipinda cha munthu woiwala zisapezekemo n'komwe, pali neti, pali bulangete, ndipo lawi logwedezeka limavinitsa zithunzithunzi pakhoma. Machesi abiseni. Mbaula yowothera mu July isagone m'chipinda chotseka, utsi wake wosaoneka uja umapha.

Kwa abale a m'midzi ya ku Jali, Mayaka, Chingale, Thondwe ndi kwina komwe waya sunafike, nzeru ndi yomweyi. Nyale za sola ngati za Sun King zimakhala ndi masitepe a kuwala, madzulo kusanade ikani pamwamba penipeni muipachike m'mwamba, mukatha kudya tsitsani, pogona ikani potsikitsitsa muiike pansi kuloza kukhoma kuti kuwala kuzibwerera kofewa. Taima yanu ndi mdzukulu, mutchereni alamu pafoni ya mabatani kuti ikalira ayatse nyale atseke mawindo, tsiku lililonse osaphonya, ndipo panelo azilipukuta fumbi kuti nyale idzafike m'bandakucha.

Pachitseko chotulukira panja ikani kabelu ka maginito kolira chitseko chikatsekulidwa, kapena sensa yomwe imayatsa nyale kapena kuliza belu kuchipinda kwa amene akuwasamala osati kwa agogo. Ichi ndikuchinena motsindika chifukwa tonse tikudziwa chomwe chimachitika kwathu kuno nkhalamba ikapezeka 3 koloko usiku pakhomo pa eni, mwina yosavala bwino, ikulephera kunena dzina lake, anthu sathamangira kuganiza za matenda, amati yagwa paulendo wa ufiti, ndipo okalamba amenyedwa ena kuphedwa kumene pa nkhani zoterezi. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti koma gulu lolusa usiku silifunsa za lamulo. Ndiye kupatula belu, auzeni aneba, amfumu kapena a block leader ndi a kumpingo kapena kumzikiti kukadali masana kuti agogo akudwala matenda oiwala, mukawaona panja abwezeni kuno. Kuwakhomera m'chipinda ndi loko kunja okhaokha ayi, moto utabuka satuluka.

Posintha zonsezi musachite tsiku limodzi, nyumba ikasintha kwambiri nayonso imawasokoneza. Yambani ndi dzuwa la m'mawa ndi kuyatsa msanga madzulo, pakatha sabata kapena awiri onjezani timagetsi ta usiku, kenako zinazo, ndipo sungani kakope kolemba kuti agona nthawi yanji, adzuka kangati, madzulo anavuta kapena ayi, chifukwa mutu wa munthu wosagona mokwanira sukumbuka bwino ngati zinthu zikusintha. Afunseni eniake, ambiri amathabe kunena kuti ili likundithobwa kapena muno mwada. Tulo ta masana tisapitirire, kagonedwe kakafupi tikatha nkhomaliro basi.

Kakope kameneko mupite nako kuchipatala. Ngati munthu wasokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, m'tsiku limodzi kapena awiri, akuwodzera kwambiri kapena thupi latentha, imeneyo si nkhani ya babu, atha kukhala malungo, matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, shuga kapena mankhwala omwe akumwa, thamangani nawo tsiku lomwelo. Mapiritsi ogonetsa ogula mwa nokha musawapatse, mwa okalamba amawonjezera kusokonezeka ndi kugwa. Ndipo ife tili ndi mwayi oti Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo m'dziko muno, chili pakhomo pompano, kukaonana ndi madokotala kumeneko za tulo ndi kulusa kwa madzulo sikuti mwawatcha agogo amisala, mumapita n'kubwerako tsiku lomwelo.

Timagetsi ta sensa tija batire yake imatha mwakachetechete, mumangozindikira usiku womwe takana kuyaka, ndiye sankhani tsiku limodzi pasabata, kaya Loweruka pochapa, muzitichotsa tonse n'kutchaja, mugule kamodzi kapadera kosinthira, ndipo wochotsayo azibwezeretsa pamalo pomwe anachotsa dzuwa lisanalowe.